Lumo lopinda lamakedzana: kulisaka, kuliyang'ana bwino ndi kulidzutsa kuti limetenso

Malumo opinda aja ankametera ndevu anthu akale, a chitsulo chimodzi chachitali chopindikira mkati mwa chigwiriro chake, adakalipo ambirimbiri padziko pano, mmadilowa, mmabokosi a katundu wa anthu omwe anatisiya, mmisika ya zinthu zakale komanso pa intaneti. Chomwe ambiri sadziwa nchoti lumo loti linasulidwa zaka 150 zapitazo litha kumetanso lero bwinobwino, nkhope kutsala see, bola likhale kuti chitsulo chake sichinaonongeke pamalo awiri ofunikira, kukamwa komwe kumadula ndevu ndi kumsana, mbali yonenepa yosadula ija. Zina zonse, kuthimbirira, timadontho takuda, chigwiriro chosweka, zimakonzeka kapena mutha kungozisiya momwemo. Ndipo ine chomwe chimandipweteka nchoti malumo ambiri abwino sakufa ndi dzimbiri ayi, akufera mmanja mwa anthu ofuna kuwakonza, munthu wapeza lumo labwinobwino nde akufuna liziwala kuti phuliphuli, walikhula walikhula mpakana dzina la wosula lafufutika, msana wadyeka, basi latha ntchito. Chitsulo chomwe mwachotsa sichibwereranso, nde ntchito yonseyi mutu wake ndi umenewo, kuchotsa chochepa kwambiri momwe mungathere.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe malumowa ali ochuluka chonchi komanso otchipa poyerekeza ndi ubwino wake mpofunika kabwerere mmbuyo pang'ono. Mzinda wa Sheffield ku England ndi womwe unatchuka koyamba, makamaka Benjamin Huntsman atapeza njira yosungunulira chitsulo mu timiphika tadothi cha mma 1740, zomwe zinkatulutsa chitsulo chofanana paliponse, chopanda zinyalala zambiri, chotha kunoleka mpaka kuthwa koopsa. Mzaka za mma 1800 mafakitale a kumeneko monga Wade & Butcher, Joseph Rodgers & Sons, George Wostenholm, Joseph Elliot ndi Frederick Reynolds ankatumiza malumo dziko lonse makamaka ku America. Kenako Solingen ya ku Germany inakwera, ndi mayina ngati J.A. Henckels, Böker, Puma ndi Dovo, ku France kuli Thiers, ku Sweden kuli Eskilstuna komwe kunali C.V. Heljestrand ndi Erik Anton Berg, ku Spain kunkachokera Filarmonica, ndipo aku America nawo anali ndi zawo monga Genco, Torrey ndi Case. Nthawi imeneyo bambo aliyense womera ndevu anali ndi lumo lake kapena ankapita kwa wometa, ena opeza bwino ankagula bokosi la malumo 7, lililonse lolembedwa tsiku lake la pasabata pamsana. Zinasintha King C. Gillette atabweretsa shevala ya malezala otaya, chiphaso cha umwini anachipeza mu 1904, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a America anapatsidwa mashevala amenewa mamiliyoni, atabwerera kwawo sanafunenso za lamba ndi mwala zonolera lumo. Malumo aja anangoponyedwa mmadilowa, ena asanagwire nkomwe ntchito yambiri, nde ndi omwe tikuwatolawa.

Kudziwa zaka za lumo nkosangalatsa ndipo sikovuta kwenikweni, zonse zalembedwa pakhosi paja, pakati pa chitsulo chometera ndi msomali wopindira. Rodgers chizindikiro chake ndi nyenyezi ndi kamtanda, Wostenholm kaliwo wosutira fodya, Henckels mapasa awiri, Böker mtengo, Berg shaki. Mukaona korona ali ndi zilembo mmbali, WR ndi nthawi ya mfumu William IV, 1830 mpaka 1837, VR ndi ya mfumukazi Victoria kuyambira 1837 mpaka 1901. China chothandiza kwambiri ndi lamulo la misonkho la ku America la 1890, lija amati McKinley Tariff, lomwe linakakamiza kuti katundu wolowa mdzikomo azilembedwa dziko lomwe wachokera kuyambira 1891. Nde lumo lolembedwa Sheffield basi popanda England nthawi zambiri ndi lakale kuposa chaka chimenecho, ngakhale osazitenga ngati lamulo losasweka sinanga malumo omwe sankapita ku America sankakakamizidwa kutero. Koma ndinene pano, dzina lisakutengeni mtima kwambiri. Mayina otchuka amakweza mtengo chifukwa osonkhanitsa amalimbirana, pomwe kalumo ka Solingen kapena Eskilstuna ka dzina losadziwika kamameta chimodzimodzi, nthawi imeneyo wosula malumo oipa sakanakhalitsa pamsika. Omwe muyenera kuwathawa ndi atsopano otchipa aja okongola ndi maluwamaluwa pa chitsulo, ena amachita kuwathimbiritsa dala kuti azioneka akale, chitsulo chake nchofewa, olo munole tsiku lonse sichigwira.

Tsopano mwalipeza lumo, lili mmanja mwanu kapena mukuliona pa chithunzi. Musayambe ndi kukongola. Litseguleni mosamala, liyang'anitseni powala, muyambe kukamwa. Mng'alu, olo ukhale waung'ono bwanji, ukayambira kukamwa kukwera mmwamba ndiye kuti lumolo lisiyeni pompo, ming'alu imapitirira yokha ponola ndipo palibe chomatira. Kubenthuka kwakung'ono kochepera milimita imodzi kumachoka pamwala, koma kwakukulu kumafuna kudya mlifupi monse mwa lumo kuti mzere ufanane, nde muwerengere ngati litsale lumo kapena kachitsulo chabe. Mlifupimo amayeza mu magawo 8 a inchi, mumva akuti 4/8, 5/8, 6/8 mpaka 8/8, ndipo 5/8 ndi 6/8 ndi omwe ali ambiri komanso osavuta kwa woyamba kumene.

Dzimbiri lili mitundu iwiri ndipo apa mpomwe anthu amasokonezeka. Lofiira lija, losokosa pamwamba, limaoneka loopsa koma kawirikawiri limakhala pamwamba chabe ndipo limachoka. Lakuda ndi lomwe liyenera kukudetsani nkhawa, osati kuthimbirira kosalala kuja komwe ndi ukalamba chabe wa chitsulo, koma timadontho takuda tomwe mukatipalasa ndi chikhadabo mumamva kuti pali kadzenje. Timeneti tili ngati dzino lobooka, pamwamba kabowo kakang'ono koma mkati mwadyeka kale. Tikakhala kumtunda chakumsana zilibe kanthu, ndi zipsera basi, lumo limeta. Koma tikakhala pafupi ndi kukamwa, komwe chitsulo nchopyapyala zedi, mumanola mpaka mwafika pa chitsulo choti chaoneka choyera, kuyang'ana ndi galasi lokuzira mupeza kabowo kena katulukira pamzere penipeni, munolenso katuluka kena, mpakana lumo kutha. Pa chithunzi cha pa intaneti pemphani wogulitsa ajambule mbali zonse ziwiri pafupi, akamazemba kuonetsa mbali imodzi dziwani kuti pali chomwe chabisika.

Kenako msana, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ambiri saona kufunika kwake. Mpeni ponola mumaukweza nokha ndi dzanja kuti mupeze kupendekeka koyenera, koma lumo ayi, limagona pamwala lonse, msana ndi kukamwa zikugunda mwala nthawi imodzi, nde kunenepa kwa msana ndi komwe kumalamula kupendekeka kwa kukamwa. Osula ankapanga dala kuti mlifupi mwa lumo mukhale pafupifupi katatu ndi theka kuyerekeza ndi kunenepa kwa msana, zomwe zimapereka ngodya ya madigiri 15 mpaka 18 mbali zonse ziwiri kuphatikiza. Ngodya ikachepa kwambiri kukamwa kumakhala kofooka, kumabenthuka pa ndevu zomwe, ikakula kwambiri lumo limakoka ndevu mmalo modula. Nde mukaona msana waphwatalala mbali zonse, pali mzere waukulu wonyezimira womwe mwala unadya kwa zaka zambiri, dziwani kuti masamu aja asokonekera. Choipa kwambiri ndi kudyeka kosafanana, kunsonga kwadyeka kwambiri koma kuchidendene, kufupi ndi khosi kuja, pang'ono, kapena mbali imodzi yokha, ndekuti mwini wake wakale ankakanikiza molakwika kapena mwala wake unali wolowa pakati. Yang'ananinso mzere wa kukamwa. Ukakhala wowongoka zili bwino, ukatukuka pakati, omwe amati kumwetulira, zilinso bwino ndithu, malumo ambiri akale a Sheffield anapangidwa choncho dala ndipo musayese kuwawongola. Koma ukalowa mkati pakatipo, ndiye vuto, chifukwa pakati pamenepo sipagunda mwala, ndipo kukonza kwake nkudya chitsulo chambiri kunsonga ndi kuchidendene.

Pali chinanso chomwe chimabisala, lumo loti wina analipititsa pa mashini opolishira nkulitentha. Chitsulo cha lumo amachiumitsa ndi moto kenako nkuchifewetsa pang'ono chabe pa kutentha kwa madigiri a Celsius cha mma 200, nde chikatenthedwanso kupitirira apo kuuma kuja kumachoka, ndipo kukamwa kopyapyala kuja kumafika pamenepo mu kamphindi kochepa zedi. Chizindikiro chake ndi kamtundu kachikasu, kofiirira kapena kabuluu mmphepete, koma wogulitsa wochenjera amakapukutanso osaoneka. Lumo lakale lowala mopitirira muyezo, mmakona monse mwaundana, zilembo zikuoneka zosungunuka, ine ndimalikayikira kuposa lothimbirira loti palibe analigwirapo.

Kapalidwe ka mmbali nakonso kamakuuzani kuchuluka kwa ntchito yomwe ikukudikirani. Akale kwambiri ndi omwe amati wedge, onenepa, olemera, mmbali mwake mongolowa pang'ono, awa amapirira kukhula chifukwa chitsulo chilipo chambiri koma kunola kwake kumatenga nthawi osati masewera. Chakumapeto kwa zaka za mma 1800 anayamba kupala mmbali mozama mpaka kutsala kopyapyala, omwe amati full hollow, opepuka, amachita kulira akamadula ndevu, savuta kunola koma sachedwa kung'aluka ndipo simungawakhule kwambiri, mulibe chitsulo choti muchotse.

Chigwiriro ndi nkhani ina payokha. Si chogwirira kwenikweni, ntchito yake nkuteteza kukamwa lumo likatsekedwa komanso kulinganiza kulemera. Akale ankagwiritsa ntchito nyanga ya ng'ombe kapena njati, fupa, mtengo, mnyanga wa njovu ndi chigoba cha kamba wa mnyanja, kenako cha mma 1870 kunabwera celluloid, pulasitiki yoyambirira ija ya John Wesley Hyatt, yomwe ankaipanga kuti izioneka ngati mnyanga kapena chigoba. Celluloid ameneyu ndi amene wapha malumo ambiri mwakachetechete. Amapangidwa ndi nitrocellulose ndi camphor, nde akakalamba ena amayamba kuvunda nkumatulutsa mpweya wa asidi, mpweyawo umadya chitsulo. Mumazindikira chifukwa dzimbiri lake limakhala pa gawo lokhalo lomwe limalowa mkati mwa chigwiriro lumo likatsekedwa, mzere wake kuchita kuoneka, kumtunda kuli bwinobwino kumunsi kwadyeka, nthawi zina timadontho ta dzimbiri timatsatira ndendende mawanga a pa chigwiriro. Chigwirirocho chimakhala chofota, chokhota, chong'aluka timing'alu tambirimbiri ndipo chimanunkha kowawasa. Palibe mankhwala ake, chotsani chigwirirocho msanga nkutaya, ndipo musalisunge bokosi limodzi ndi malumo ena chifukwa mpweya uja umawapezanso anzake. Komanso celluloid amayaka moto mosavuta, osamuyandikitsa ku lawi kapena kumukhula ndi mashini othamanga.

Mnyanga wa njovu mumaudziwa ndi kupyapyala kwake, kawirikawiri misomali yake ilibe mawashala, ndipo mukayang'anitsitsa pali timizere topingasana, pomwe fupa lili ndi timabowo takuda ting'onoting'ono. Apa samalani ndi malamulo, malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa pansi pa mgwirizano wa CITES mu 1989 ndipo mayiko ambiri anawonjezerapo malamulo awo okhwima okhudza olo zinthu zakale, nde musamangotumiza kapena kuitanitsa lumo lotere kudutsa malire, chimodzimodzi chigoba cha kamba.

Nyanga ya ng'ombe kapena njati ija ndi yomwe ndimaikonda chifukwa imadzuka modabwitsa. Mumaipeza youma, yotuwa, yosendeka mmphepete, pena yofumbwa ndi tizilombo, munthu nkumati iyi yatha. Itsukeni ndi sopo ndi kaburashi, iume, kenako muinyike mu mafuta a neatsfoot, aja ofewetsera zikopa, masiku angapo. Ikatuluka imakhala yakuda bii kapena yoonekera mkati mofiirira, timabowo tofumbwa mutha kutitseka ndi guluu wosakaniza ndi fumbi la nyanga yomweyo, ikakhala yokhota mumaiviika mmadzi otentha nkuipana pakati pa timatabwa tiwiri mpaka itazizira. Chigwiriro choyambirira ngati chikutheka kupulumutsa pulumutsani, lumo la 1850 lovekedwa pulasitiki yowala ya lero silioneka bwino olo pang'ono.

Funso lotsatira nloti mulimasule kapena ayi. Ngati dzimbiri lalowa pa msomali wopindira paja, kapena chigwiriro chikufunika kusintha, mulibe kuchitira mwina. Misomali yake si yomasula ndi sikuludilaiva, ndi kawaya ka mkuwa konenepa 1/16 ya inchi kokhomedwa mitu mbali zonse, nde mumapala mutu umodzi ndi tupa yaing'ono, mutamata tepi mozungulira kuti musakande chigwiriro, kapena kuboola pakati pa mutuwo pang'onopang'ono, nkukankha msomali kuti utuluke. Osaukakamiza, misomali yakale imakhala yopindika mkati ndipo zigwiriro zambiri zimasweka pa sitepe imeneyi. Mawashala akale, makamaka aakulu otukuka aja a malumo a Sheffield, sungani, simuwapezanso. Ngati pa msomali pali poyera ndipo lumo likutseguka bwino, lisiyeni lomangika, tsukani mkati ndi kansalu kapena ulusi wothira mafuta basi.

Kuchotsa dzimbiri yambani ndi njira yofatsa kwambiri. Mafuta opepuka ndi kansalu kaye, kenako polishi wa zitsulo monga Autosol, muone chomwe chatsala, nthawi zambiri mudabwa kuti zakwana. Lofiira lokakamira mutha kulipala ndi sitiliwulu wofewa kwambiri uja wa 0000 ndi mafuta. Sandipepa abwere pomaliza, ndipo muyambe ndi wosalala yemwe angathe ntchitoyo, mwina wa nambala 600 kapena 400 (nambala ikamakula ndiye kuti ndi wosalala kwambiri), mutsike ku 220 pokhapokha zavutadi, chifukwa mizere ya sandipepa wokhakhala kuti ichoke pamafunika maola ambiri. Mukatero mumakwera 800, 1000, 1500, 2000, ndipo simudumpha, sitepe iliyonse ichotse kaye mizere yonse ya yam'mbuyo, njira yake nkusintha kolowera, uyu mukhule mlitali wotsatira mlifupi, mukatero mizere yotsala imaonekera. Lumo ligone pa thabwa, kukamwa kutagunda thabwalo, zala zizichokera kumsana kupita kukamwa osati kubwerera, lumo lobuntha lakale limadulabe mpaka pafupa. Mmbali mwa msana momwe mumagunda mwala musakhulemo kwambiri, mwakumbukira masamu aja. Ndipo ngati pa chitsulo pali zolemba zokongoletsa kapena zagolide, dziwani kuti nzosaya kwambiri, golide amachoka ndi polishi yemwe, nde apo musankhe, kadontho kakuda katsale kapena zolemba zipite. Ine ndimasiya kadontho. Timaenje takuya musalimbane nato kuti tithe, kuti kadzenje kamodzi kachoke mukuyenera kutsitsa chitsulo chonse chozungulira kufika pansi pake, phindu lake palibe, chofunika nchoti dzimbiri lamoyo lachokamo ndipo mwathira mafuta. Za mashini ndanena kale, ngati simunazolowere asiyeni, kupatula kutentha amathanso kulanda lumo mmanja nkuliponya.

Pobwezeretsa chigwiriro mumadula kawaya katsopano kotsala pang'ono chabe mbali zonse, kuika mawashala kunja ndi ena opyapyala mkati, nkumagogoda ndi kahamala kakang'ono ka mutu wobulungira, timikwapulo tambirimbiri topepuka mozungulira mutu, kutembenuza, kugogodanso. Mukamenya mwamphamvu msomali umapindikira mkati ndipo chigwiriro chimang'aluka. Muziyesa pafupipafupi, lumo lizitseguka molimbirako osagwa lokha, ndipo potseka lizilowa pakati penipeni osagunda mbali, likamapendekera mbali imodzi mumagogoda mokondera kuti libwerere. Kachidutswa kaja ka kumapeto kwa chigwiriro nkopyapyala mbali imodzi dala, kamapangitsa mbali ziwirizo kutukuka pang'ono kuti zizipana khosi, musakasinthe ndi kofanana konsekonse.

Nde tafika pa kunola, pomwe lumo limakhaladi lumo. Choyamba mwala ukhale fulati zenizeni, lembani timizere ta pensulo pamwala nkuukhula pa sandipepa wonyowa woyalidwa pa galasi mpaka timizere tonse titachoka. Miyala yamakono yonolera ndi madzi imayenda ndi manambala, 1000, kenako cha mma 3000 mpaka 5000, kenako 8000, kumalizira 12000. Ilipo yachilengedwe yomwe akale ankagwiritsa ntchito ndipo anthu amaikondabe, coticule wachikasu wa ku Ardennes ku Belgium yemwe ali ndi timiyala ta garnet tosaoneka ndi maso, Thuringian wa ku Germany, Arkansas wa ku America ndi miyala ya kumapiri ozungulira Kyoto ku Japan. Mukamasaka malumo muziyang'ananso miyala yakuda ndi mafuta yomwe ili mu timabokosi tamatabwa, pena pansi pa litsirolo pali mwala wabwino kuposa lumo lomwe mwagula.

Ntchito yaikulu yonse ili pa mwala wa 1000. Apa mpomwe mbali ziwiri za kukamwa zimakumana kukhala mzere umodzi kuyambira kuchidendene mpaka kunsonga, ndipo zikapanda kukumana apa miyala yosalala ija ingowalitsa chinthu chobuntha, anthu ambiri oyamba amathamangira ku 8000 kenako nkumadandaula kuti chitsulo nchoipa. Lumo ligone fulati, kukamwa kutsogolo, muziliyendetsa mopingasa kuti lonse lidutse pamwala, pofika kumapeto mulitembenuzire pamsana osalinyamula, nkubwerera. Kwa lomwetulira lija mumaligudubuza pang'ono, kuyamba ndi chidendene, pakati, kumalizira nsonga. Kuti mudziwe pomwe mwala ukugunda pakani inki ya maka mmphepete monse, yendetsani kawiri katatu, pomwe inki yatsala ndi pomwe sipakunoleka. Ambiri amamata tepi yamagetsi imodzi pamsana kuti usadyeke, makamaka pa wedge kapena lumo la msana wokongoletsedwa, ena amakana amati msana ndi kukamwa ziyenera kudyeka limodzi kuti ngodya isasinthe. Onse ali ndi mfundo, koma pa lumo lakale lofuna kunola kwa nthawi yaitali ine ndili mbali ya tepi, bola muziisintha ikadyeka komanso mukumbukire kuti lumo limenelo linanoledwa ndi tepi kuti ulendo wina mudzachitenso chimodzimodzi. Mwamaliza pa 1000 pokhapokha lumo likumeta ubweya wa pamkono paliponse, kunsonga, pakati ndi kuchidendene, ndipo mukayang'ana kukamwa molunjika pansi pa nyale palibe pomwe pakunyezimira. Kuchoka apo mphamvu izichepa mwala uliwonse, pomaliza kulemera kwa lumo lokha nkokwanira.

Kenako lamba. Pa lamba zimatembenuka, msana ndi womwe umatsogola, kukamwa kumatsatira, lamba atakokedwa kuti nga, lumo litagona fulati, ndipo kumapeto mumatembenuziranso pamsana. Yambani mbali ya nsalu kenako yachikopa, maulendo 40 mpaka 60, mosathamanga, kuthamanga kuja mumaona mmafilimu ndi komwe kumadula malamba ndi kupinda kukamwa. Lamba sachotsa chitsulo kwenikweni, amawongola ndi kusalaza, nchifukwa chake mumamugwiritsa ntchito nthawi iliyonse musanamete. Anthu amakonda kuyesa ndi tsitsi limodzi, kuligwira mmalere nkuligunditsa kukamwa kuti liduke lokha, ndi mayeso othandiza koma tsitsi limasiyana munthu ndi munthu, nkhope ndi yomwe imanena zoona.

Musanaliike pakhungu litsukeni ndi sopo, mulipukute ndi spiriti kapena muviike chitsulo chokha mu mankhwala ophera tizilombo omwe ometa amagwiritsa ntchito monga Barbicide kwa mphindi zomwe zalembedwa pa botolo, osapitirira chifukwa limachita dzimbiri. Osaliwiritsa, madzi owira saononga kuuma kwa chitsulo koma amapinda chigwiriro. Pometa koyamba ingoyesani pamasaya, ndevu zitafewa bwino ndi madzi ofunda ndi thovu, khungu litakokedwa ndi dzanja linalo, msana utatalikira khungu pang'ono chabe cha mma digiri 30 kapena kucheperapo, osakanikiza, ndipo lumo lisayende chammbali motsata mzere wa kukamwa chifukwa apo ndi pomwe limacheka.

Malumo akalewa pafupifupi onse ndi a chitsulo cha kaboni chomwe chimachita dzimbiri, pomwe chosachita dzimbiri chija Harry Brearley anachitulukira mu 1913 ku Sheffield komweko ndipo chinachedwa kulowa mmalumo, nde dontho limodzi la madzi losiyidwa usiku umodzi limasiya banga. Mukamaliza pukutani ndi kansalu kouma kuchokera kumsana, onetsetsani kuti madzi sanalowe pa msomali kapena mkati mwa chigwiriro, lisiyeni lotsegula pang'ono liume pamalo poti ana safikapo, ndipo musalisunge kubafa komwe kuli chinyezi. Ngati likhale nthawi osagwira ntchito pakani kamafuta kopepuka. Pakapita miyezi likayamba kukoka ndevu olo mwaliyendetsa pa lamba, musabwererenso ku 1000 ayi, maulendo ochepa pa mwala womalizira uja kapena pa lamba wopakidwa mankhwala onolera otchedwa chromium oxide amakwanira kulibwezeretsa, mwala wokhakhala udikire tsiku lomwe labenthuka basi.